Mabotolo Khumi ndi Awiri Ofanana

Lachiwiri, 4 Juni

Tsiku lachitatu chichokereni Mayi kupita kukaona achemwali awo. Ndadya mazira owiritsa kanayi. Munthu wa zaka 66, ndinagawa mankhwala pa windo la chipatala zaka 31 osalakwitsa ngakhale m'bulu umodzi, koma mpunga ukundikanika. Pansi wapserera, pamwamba uli gwa ngati sunaone moto.

Masana ndinati ndiyeseko nyemba. Nditatsegula kabati ya Mayi ya zokometsera, mtima wanga wa ntchito unadumpha. Chitini cholembedwa khofi, m'kati muli ufa wachikasu. Botolo la jamu, ufa wofiira. Botolo la mayonesi lomangidwa chingwe pakhosi, ufa winanso wofiira. Kachigubu ka majarini kokulungidwa mphira, ndanunkhiza n'kuyetsemula kasanu ndi kawiri. Palibe chimodzi cholembedwa dzina lake loona. Kuntchito kwathu munthu wosunga zinthu chonchi tikanamuperekeza pageti tsiku lomwelo.

Madzulo Inspekitala anaimba foni. Mwana wathu woyambayu ndinampatsa dzinali ali ndi zaka zisanu, ndipo mpaka lero akuligwirira ntchito. Nkhani ndi yomwe ija ya maso a amayi ake. Adokotala anati shuga walowa m'maso. Mayi amati akuona bwinobwino, kungoti tinthu ting'onoting'ono n'timene tikuwavuta. Inspekitala sakhulupirira.

"Ababa, tsiku lina amayi adzakudyetsani sopo. Ndapeza mayi wina woti azibwera kudzaphika. Amayi apume."

Ndinangoti ndamva. Ine ndi foni ya Inspekitala sitikangana.

Koma kuwachotsa Mayi kukhitchini n'chimodzimodzi kuwaika m'bokosi akupuma. Zaka 39 za ukwati sindinawaonepo atakhala pansi chakudya chisanafike patebulo. Ndikuopa, ndilembe zoona.

Lachitatu, 5 Juni

Nzeru yandipeza ndikumeta ndevu, mpaka ndadzicheka.

Vuto si maso a Mayi. Vuto ndi kabati ija. Munthu wa maso awiri abwino ngati ine inandizunguza mutu, nanga iwo? Ndigula mabotolo ofanana, oyera, ndilembe maina ndi zilembo zazikulu zoti ngakhale woyenda mumsewu aziwerenga. Inspekitala akadzaona khitchini yokonzedwa ngati chipinda cha mankhwala adzasowa chonena.

Ndinatapa ufa pang'onopang'ono m'chitini chilichonse, n'kuika m'maenvulopu, kupita nawo ku shopu ya zokometsera ya kuseri kwa msika. Mayi ogulitsa pamenepo ananunkhiza envulopu iliyonse kamodzi basi. Uyu tsabola. Iyi papirika, siwawa. Iyi sinamoni. Kale wothira m'ndiwo, chikasu, jinja, adyo waufa, kolianda. Ine ndikulemba ngati mwana wa sukulu. Envulopu imodzi inawakanika, anati izi n'zosakaniza za mwini wake, muli zinthu zosachepera zisanu.

Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, mayi akudziwa kuti mwalowa m'kabati mwawo?"

"Ndikufuna adzangoona zitatha."

"Eheee," anatero, n'kumangokulunga mabotolo anga m'nyuzipepala.

Ndinaganiza kuti akundiyamikira.

Lachinayi, 6 Juni

Ntchito yagwirika! Ndinayamba 8 koloko, ndamaliza dzuwa litapendeka. Tebulo ndinayala nyuzipepala, fanulo ndinapanga ya pepala, supuni iliyonse kupukuta ndisanaviike mwina. Zilembo kutalika ngati chala changa chachikulu, zakuda pa pepala loyera, selotepi pamwamba. Mabotolo khumi ndi awiri, msinkhu umodzi, zivindikiro zofanana. Ndawandandalika motsatira ABC, kuyambira adyo kumanzere. Zosakaniza zija ndangolemba kuti ZINA, zakhala kumapeto.

Ndinakoka mpando n'kukhala m'khitchini kumangoyang'ana. Chipumireni pa ntchito sindinamvepo kukoma kotere.

Zitini zakale zija atelala a khomo loyandikana nafe anapempha ziwiri zoikamo mabatani. Zotsalazo ndaika m'thumba pageti.

Madzulo ndinaphika nyemba mwa sayansi. Theka la supuni la chilichonse, kuti pasakhale chodandaula. Zinamveka ngati mankhwala a chifuwa. Ndadya zonse, poti panalibe wondiona.

Lachisanu, 7 Juni

Mayi otola mabotolo atenga thumba lija. Khitchini ikuwala. Ine ndine munthu.

Loweruka, 8 Juni

Mayi aimba. Mawu atsekeka, akuti chimfine chawagwira, mphuno sizikugwira ntchito olo pang'ono. Abwera mawa, Inspekitala ndi akamwini akawatenga pa galimoto. Zonse zikuyenda monga ndinakonzera. Tikamwa tiyi, ndidzaimirira, ndidzawaitanira onse kukhitchini, n'kutsegula kabati. Ndakonzako ndi mawu awiri atatu.

Anandifunsa kuti, "Mukudya chiyani kumeneko?" Ndinati nyemba zokometsera. Iwo anati, "Zokometsera ndi chiyani?" Ndinatsokomola n'kufunsa za alamu.

Lamlungu, 9 Juni

Safunsa anadya phula. Ine sindinadye ndekha, ndadyetsa akamwini.

Anafika cha m'ma 3 koloko. Ine ndinatanganidwa ndi zikwama, kenako akamwini anayamba kundionetsa tayala limene likutha mbali imodzi, ndipo ine za matayala sindizidziwa koma ndimakonda kugwedeza mutu. Mayi osavula ngakhale juzi, molunjika kukhitchini. Mlendo aliyense pakhomo pano amalandiridwa ndi tiyi wawo wa mkaka, jinja ndi sinamoni. Ndinamva ketulo ikulira, ndinamva chitseko cha kabati. Ndinati m'mtima, aona tsopano, atuluka akuseka. Sanatuluke. Kunali zii.

Tiyi anabwera. Mayi anathira okha m'makapu osataya dontho. Woyamba kulandira ndi akamwini, munthu wa zilonda za m'mimba amene ngakhale ndimu amamuthawa. Anamwa kamodzi. Ndinaona makutu awo akusuntha. Anamwanso kachiwiri, ulemu wake umenewo, misozi ili chuchuchu, n'kunena ndi kamawu ka mwana wa mphaka kuti, "Zikomo amayi, watentha bwino."

Inspekitala analanda kapu n'kulawa. Anathamangira pakhomo kukalavula.

"Amayi! Uyu ndi tsabola! Mwathira tsabola mu tiyi!"

Anathamangira kukhitchini kukatenga mkaka wa amuna ake. Ine pambuyo pake. Ndipo chimene ndinachita ndichilembe pano, poti kwina sindingachinene. Kabati inali yotsegula pang'ono. Ndinaitseka ndi msana, n'kuima pomwepo ngati mlonda mpaka mwana atatuluka.

Pabalaza Inspekitala analankhula mawu onse amene anawasunga miyezi itatu. Lero ndi tsabola, mawa adzakhala mankhwala a makoswe. Amayi musakakamire. Lamlungu likubwerali ndibwera naye mayi uja adzaone nyumba, Lolemba ayambe. Moto, mpeni, zonse muzisiye.

Mayi anangokhala, manja pa maondo. Anati, "Pepani apongozi." Basi. Sanandiyang'ane n'komwe.

Ine, wa mawu awiri atatu uja, ndinali kalikiliki kupereka madzi.

Lolemba, 10 Juni

Chakudya cha lero: mpunga, kabichi, mchere. Madzulo: mbatata, mazira, mchere. Kabati Mayi sanaikhudze. Mchere umakhala m'mbale yake pafupi ndi sitovu, ndi wokhawo umene unapulumuka m'manja mwanga.

Sakundikalipira. Bola akanandikalipira. Akundiyankha bwinobwino ngati mlendo wa m'basi.

Akamwini akuti sanapite kuntchito.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndinawapeza Mayi akusankha nyemba pa thireyi, ndi zala, nkhope itayang'ana kukhoma. Ndinaima pakhomo kukonza kukhosi mpaka anati, "Ngati ndi chimfine changa chija, mankhwala mukuwadziwa ndinu."

Ndinati, "Amayi, ndimuimbira mwana. Ndimuuza kuti ndine ndinasintha mabotolo."

"Musayerekeze."

"Koma mlandu ndi wanga."

"Ndi wanu, inde. Ndiye mukamuuza, iye adzati bwanji? Adzabwera, adzatsegula kabati, adzaona zilembo zanu zazikulu ngati za pa sitolo. Kenako adzafunsa kuti amayi, zimenezi simunazione bwanji?"

Ndinati, "Nanga simunazione?"

Anasiya kusankha nyemba.

"Abambo, inuyo pamene mwaimapo ndikuona chinthu chotalika chovala juzi. Kuti ndinu ndadziwira kutsokomola."

Ndinakhala pa mpando umene ndinkaonererapo mabotolo anga. Anandiuza zonse, mawu ali phee ngati akunena za munthu wina. Chiyambire Malichi pakati pa diso pali mtambo, amaonera m'mbali mokha. Zilembo ayi, nkhope ayi. Ndiye anayamba kukonza kabati yawo mwakachetechete. Chitini cha khofi chopindika m'mbali, chikasu. Botolo la jamu la chivindikiro chokakala, sinamoni. La mayonesi anamanga chingwe pakhosi kuti dzanja likangokhudza lidziwe kuti apa pali moto. Kachigubu ka mphira, ufa wa kale. Chilichonse ndi thupi lake, kulemera kwake, malo ake. Chimene ine ndinachiona ngati dzala chinali maso awo.

Lamlungu lija atatsegula kabati anapeza mabotolo oterera ofanana ngati mazira. Mphuno zotseka. Mwana ali pabalaza, khutu lili kukhitchini. Kuitana sakanaitana. Jinja anasenda wamuwisi. Sinamoni anatenga pamene amakhala nthawi zonse, lachiwiri kuchokera kumanja, anayang'anira m'mbali mwa diso n'kuona kuti ndi wofiirira. Kulawa sanalawe, akuti ankathamangira kuti mwana asalowe.

Lachiwiri kuchokera kumanja, pa ABC wanga, ndi tsabola wofiira.

Ndinafunsa kuti bwanji sanandiuze za masowo. Anati, "Inu mukanasunga? Inspekitala akangokweza mawu mumaulula ndi zimene sanakufunseni."

Sindinatsutse. Koma zandipweteka, kuti miyezi itatu ndimadya, kukhuta, kuyamikira, osaona kuti mkazi wanga akuphika mu mdima. Wa maso awiri abwino uja ndine.

Lachitatu, 12 Juni

Ulendo wosaka zinyalala zanga zomwe.

Ndinayambira kwa atelala. Anali atadzaza kale mabatani m'zitini zonse ziwiri, akuda kwina oyera kwina.

"Adokotala, mphatso imabwereranso?"

Amanditchula choncho chifikireni pano, ngakhale ndinawauza kuti ine ndinkangogawa mankhwala. Ndinafotokoza mwachidule. Anaseka mpaka anachotsa phazi pa makina. Anakhuthulira mabatani m'mbale yodyera, n'kundipatsa zitini, amvekere, "Ine zaka makumi atatu m'khitchini mwa akazi anga ndimalowamo ndi mutu wokha, miyendo imatsala panja." Anandipatsanso mabatani odzaza dzanja, akuti mwina ndiwapezera ntchito poti ndine wanzeru.

Kenako kwa mayi otola mabotolo. Ndinafunsa anthu anayi ndisanapeze kumene amakasiya katundu, kuseri kwa malo ochapira magalimoto. Mulu wa mabotolo kutalika kuposa ine. Mayiwo anandizindikira. Anati thumba langa linapita Loweruka pa lole, koma ngati ndikufuna ndifufuze. Ndinafufuza, nditavala jekete, ntchentche zikundiperekeza. Ndinapeza botolo limodzi la jamu lofanana ndithu ndi lija. Ndinalitsuka katatu ndi madzi otentha.

Mayi analigwira, kulizunguza m'manja kamodzi, chala pa chivindikiro.

"Ili si langa."

Zitini ziwiri zija anazilandira. Chopindika chija anachisisita ngati mwana wobwera kutali. Mwa khumi ndi ziwiri, ziwiri. Madzi akatayika saoleka.

Lachinayi, 13 Juni

M'mawa ndinadzuka ndi nzeru ina. Ndikanayenera kuiopa, poti nzeru zanga zaoneka kale mapeto ake. Ndinati mabotolo atsopanowa tiwaike zizindikiro zogwira ndi manja. Botolo loyamba mfundo imodzi pa chingwe, lachiwiri mfundo ziwiri, mpaka khumi ndi ziwiri. Ndinajambula ndi tchati chomwe.

"Mwayambanso," anatero Mayi. "Mafuta ali pamoto ine ndiziwerenga mfundo khumi ndi imodzi? Ndipo tchati chanucho aziwerenga ndani?"

Tchati ndinachipinda n'kuika m'thumba.

Chimfine chatha, mphuno zabwerera pa ntchito. Anandikhazika patebulo ndi guluu, mphira, chingwe, pulasitala ndi mabatani a atelala. Iwo kutsegula botolo, kununkhiza, kulamula. Ili limangeni chingwe pakhosi, cholimba. Ili batani limodzi lalikulu pa chivindikiro. Ili likulungeni pulasitala pakati. Ili livekeni sokosi. Ndinafunsa kuti sokosi ya ndani, anati yanu. Zilembo zanga anati zisiyeni, zizikuthandizani inuyo. Malo ake anaika okha, ABC yense anabalalika.

Atafika pa botolo lomaliza ananunkhiza n'kufunsa kuti pamenepa ndinalembapo chiyani. Ndinati ZINA. Anaseka koyamba chibwerereni, mpaka kugwira tebulo.

"Zimenezi n'zimene ndimathira mu nkhuku imene mwakhala mukunyambita zala zaka zonsezi. Zina!"

Masana iwo atagona pang'ono ndinadzimanga tayi kumaso kuti ndione ngati zikutheka. Ndinafuna mchere, ndinagunda chipumi pa chitseko cha kabati. Ndinafuna botolo la kale, ndinapisa chala mu chikasu. Ndinapirira mphindi zinayi. Chala chikadali chachikasu, chipumi chatupa, ndawauza kuti ndinagunda pa windo.

Lachisanu, 14 Juni

Lero sikuseka.

Anati ayese nkhuku, aone ngati dzanja lazolowera mabotolo. Ine anandithamangitsira pabalaza. Ndinakhala ndi nyuzipepala, makutu onse kukhitchini. Ndinamva botolo likutsegulidwa, kutsekedwa, kutsegulidwanso. Lina chimodzimodzi. Munthu amene kale ankangotambasula dzanja osaganiza, lero botolo lililonse kulinunkhiza katatu. Ali mkati motsimikiza tsabola, anyezi anapserera. Fungo linafika pabalaza.

Ndinawapeza atazimitsa sitovu, atakhala pa mpando. Anyezi ali bii m'poto.

"Zaka zonsezi sindinapserezepo anyezi," anatero. "Ndinkamumva ndi khutu. Lero mutu wonse unali ku mabotolo." Kenako anati, "Mwina mwanayo akunena zoona."

Ndinati ayi, ayi, ayi, ngati munthu wothamangitsa nkhuku m'munda. Ndinatsuka poto. Nkhuku ndinangoiwiritsa ndi mchere, tinadya yomweyo.

Mabotolo aja tawakonza. Chimene ndinaswa china n'chimene sindikudziwa kuti amamata ndi guluu wanji. Mkazi ameneyu sankadzikayikira, ine ndamuphunzitsa.

Loweruka, 15 Juni

Ndikanena, ndawaulula. Ndikakhala chete, mlandu wanga ausenza iwo, khitchini n'kupita. Ndayeserera mawu kubafa kawiri. Ngakhale galasi silinakhutire.

Lamlungu, 16 Juni

Anabwera atatu, Inspekitala, akamwini ndi mayi wophika uja. Mayi wamkulu bwino, waulemu, chikwama chake atachigwira ndi manja awiri. Akamwini atafunsidwa za tiyi anayankha msangamsanga kuti madzi akwana.

Inspekitala sanataye nthawi. Anamutenga mayiyo kukamuonetsa khitchini, ife tonse pambuyo ngati anthu operekeza maliro. Apa sitovu, apa mapoto, apa mbale. Dzanja lake linapita pa kabati. Msana wanga unafuna kuthamangirako, koma miyendo inakana.

Anatsegula. Mabotolo khumi, zitini ziwiri. Lina lavala sokosi, lina batani, lina chingwe. Pa lililonse zilembo zanga zikuluzikulu.

"Izi ndiye ziti? Ababa, izi mwalemba ndinu."

Mawu a kubafa aja onse anathawa. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndine. Tsabola uja ndine. Ndinataya zitini za amayi ako iwo kulibe, n'kusintha malo a chilichonse osawauza. Ndipo tsiku lija ndinatseka kabatiyi ndi msana kuti usaone." Nditayamba ndinalephera kuima, ndinaulula za lole, za ntchentche, mpaka za tayi. Mayi ananena zoona, ine sindisunga.

Inspekitala anachita chimene amayi ake ananeneratu. Anatenga botolo la chingwe, n'kuliika patsogolo pa nkhope yawo.

"Amayi, apa palembedwa chiyani?"

Ndinafuna pansi patseguke. Mayi anatambasula dzanja, kukhudza chingwe.

"Ndi tsabola. Koma zolembedwazo sindikuziona. Ngakhale nkhope yako sindikuiona, mwanawe, chiyambire Malichi. Nkhuku ija unadya mwezi watha n'kutengako ina kunyumba ndinaphika ndi maso omwewa."

Inspekitala wathu, amene sanalire ngakhale tsiku limene anathyoka mkono ali mwana, anakhala pa mpando wa m'khitchini n'kuyamba kulira botolo lili m'manja. Ankangoti, "Malichi, amayi? Malichi?" Akamwini anatulukira panja kukaona tayala.

Atatonthola anati chabwino, amayi aphike pano tione. Mayi anakana.

"Sindilemba mayeso m'khitchini mwanga. Lachisanu ndinapsereza anyezi, ndikuuziretu usakamve kwa abambo ako. Mwina ndidzapserezanso. Koma ukandichotsa pano undiuze kuti m'mawa ndizidzukira chiyani."

Amene anatsegula pakamwa ndi mayi wophika uja, mwaulemu, akuyang'ana pansi. Anati iye anagwirapo ntchito kwa agogo ena osaona, ankaphika okha mpaka zaka 80, chachikulu pasakhale wosuntha zinthu zawo. Ponena mawu omalizawo sanandiyang'ane, koma ndinawalandira.

Inspekitala anapukuta m'maso n'kubwerera pa udindo. Chigamulo: mayiyo azibwera Lachiwiri ndi Lachisanu kudzachapa ndi kukolopa. Kabati asaikhudze aliyense. Lachinayi amayi apita nawo kwa dokotala wa maso, ndipo ulendo uno alowa nawo m'chipinda. Koma pamoto amayi asamaime okha, pazikhala munthu wa maso.

"Ndiye aziima nawo ndani?" ndinafunsa ine.

Onse anatembenukira kwa ine. Ngakhale Mayi, amene sandiona, anayang'ana pamene panachokera funsolo. Mayi wophika anabisa pakamwa ndi chikwama.

Lolemba, 17 Juni

Ndinafika kukhitchini 11 koloko ndendende, manja osamba mpaka m'zigongono. Malamulo anandipatsa ndili pakhomo. Osakhudza botolo. Osapereka maganizo. Osanena mawu oti kuntchito kwathu.

Anyezi anadula okha, mpeni ukuyenda pafupi ndi zala mpaka ine kutseka maso, ine amene ndabwera kudzaona. Mafuta m'poto. Anatchera khutu, n'kuthira anyezi, tchwee.

Patapita kanthawi anati, "Ndiuzeni."

"Wafiira."

"Kufiira kwanji? Zaka zonse zija mukusiyanitsa mibulu, anyezi akukanikeni?"

Ndinawerama n'kuyang'anitsitsa. Ndadya anyezi moyo wanga wonse, koma kumuyang'ana ndayamba lero.

"Pakati akadali woyera, akuonekera ngati galasi. M'mbali mwayamba mtundu wa envulopu ya khaki."

"Ehe. Dikirani." Anavundula kawiri. "Pano?"

"Khaki yafika pakati. M'mbali muli ngati tiyi wothira mkaka wochepa."

"Ndi pomwepo."

Dzanja linapita kukabati losafufuza, linabwera ndi botolo la chingwe. Ananunkhiza kamodzi kokha. Anatapa ndi nsonga ya supuni, osayeza, n'kuwaza m'mafuta. Utsi unatikwera tonse awiri, ine kutsokomola mpaka misozi, iwo ali chilili akuvundula. Osatembenuka, anagwira mkono wa malaya anga n'kundikokera kumanzere.

"Imani apa. Uko mukunditchingira kuwala."

Ndinasuntha. Mkono wa malaya uja sanausiye mpaka tomato atalowa m'poto.